Nyenyezi zitatu: masana imaona bwino, koma ikalephera kuona sikuuzani

Pulogalamu ya zanyengo ya oyendetsa ndegeyi ndaigwiritsa ntchito miyezi isanu, pa dongosolo lija lolipiriratu chaka chonse. Mtengo wake mukuudziwa kale inu amene mumayendetsa ndege zing'onozing'ono. Ine ndinaigulira chinthu chimodzi basi, mapu a setilaiti osonyeza mitambo ya madzi ozizira kwambiri koma osaundana. Timadontho ta mumtambo timatha kukhalabe madzi pa madigiri 20 kapena 30 pansi pa ziro, mpaka cha m'ma 38, ndipo tikangogunda phiko timauma gwa pomwepo.

Tsiku limene landilembetsa ndemangayi ndinayang'ana mapuwo ndisananyamuke. Njira yanga yonse inali mbee, popanda buluu uja amene amapaka pamalo oopsa. Nditakwera ndinalowa mumtambo wooneka wofatsa, choyezera kutentha chikuwerenga madigiri 8 pansi pa ziro. Sipanathe mphindi zitatu, pakona ya galasi lakutsogolo panayamba kuyera. Kutembenukira kuphiko lakumanzere, m'mphepete mwake muli kamzere ka ayezi konyezimira, kakunenepa ine ndikuona. Liwiro linayamba kutsika injini ndisanaikhudze n'komwe. Mtima unangoti myu. Ndinapempha kutsika, ndipo titafika mumpweya wofundirako ndinamva zidutswa zikumatuka n'kumamenya kumbuyo kwa ndege, pha! pha! Mnzanga amene ndinali naye sanatsegule pakamwa mpaka titatera.

Eni pulogalamuyi ndinawalembera madzulo omwewo, n'kutumiza nthawi, malo ndi chithunzi cha phikolo. Yankho linabwera patatha masiku 6, kuchokera kwa bambo wina wa ku ofesi yothandiza makasitomala, amene analakwitsa ndi dzina langa lomwe. Anangoti ndikawerengenso malamulo awo. Za phikolo sananene ngakhale liwu limodzi. Munthu wakuuzani kuti ndege yake inagwira ayezi pamalo amene mapu anu amati n'pabwino, inu n'kumutumiza kukawerenga malamulo? Zimenezi zikundiwawabe mpaka lero.

Chimene chinachitika ndinachita kufufuza ndekha. Setilaiti imene amatengako zithunzi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo imangoona pamwamba pa mtambo. Tsikulo kumwamba kwenikweni kunali mtambo wina wa ayezi umene unaphimba wa madziwo. Makina anaona ayezi wapamwambayo, zapansi osaziona. Pamenepa sindikuwaimba mlandu ayi. Ngakhale setilaiti ina yotchedwa CALIPSO, imene inkaombera kuwala kwa laser m'mitambo kuyambira 2006 mpaka 2023 n'kumasiyanitsa bwino madontho ndi ayezi, inkangoona kanjira kopapatiza kamene ikudutsapo. Mlandu wawo ndi wakuti pamene setilaiti sikuona ndi pamene palidi pabwino amapaka mofanana. Bwenzi ataika mtundu wotuwa wotanthauza kuti pano taphimbidwa, ine ndikanasankha njira ina.

Koma ndisaname, masana kumwamba kukakhala kopanda chophimba imagwira ntchito yotamandika. Ayezi amamwa kuwala kosaoneka ndi maso kwa infrared kwa 1.6 micrometre kuposa mmene madzi amachitira, ndiye mtambo umene pamwamba pake ndi pozizira mpaka pansi pa ziro koma ukuwalabe pa kuwala kumeneko umadziwika kuti ndi wa madzi. Kawiri konse yandichenjeza molondola, ndipo anzanga amene anadutsa kumeneko pa ndege zokhala ndi zida zochotsera ayezi anatsimikiza kuti ayezi analidi komweko. Zithunzi zatsopano zimabwera mphindi 15 zilizonse, ndipo pa tabuleti zimatseguka msanga. Dzuwa likalowa njira imeneyi imatha, choncho usiku ndimadalira kwambiri malipoti a oyendetsa ndege anzanga ndi a zanyengo.

Ndikhala nayo mpaka chaka chimene ndinalipira chithe. Akaika mtundu wotuwawo ndidzabweranso kudzawonjezera nyenyezi. Kalata yachiwiri yopempha zimenezi ndinatumiza masabata atatu apitawo, ndipo bambo aja sanayankhebe.