Thanki ya makorali ku Zomba: mmene ikuyendera patatha miyezi

Thanki yanga ndi yaing'ono, ya malita 60, ya mtundu umene pampu ndi zosefera zimabisika m'kachipinda kakuseri kwa galasi. Ndinaithira madzi amchere mvula ikupita kumapeto, ndipo pano yadutsa m'chisanu cha Juni, yapirira kutentha kwa Okutobala, mvula nayo yabweranso. Anzanga oweta mbuna akhala akundifunsa ngati n'zotheka kuweta makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere zomera pamiyala ngati zomera, kuno ku Zomba, kutali chonchi ndi nyanja yamchere. N'zotheka ndithu. Koma moyo wa m'thanki yotere wagona pa zinthu ziwiri, madzi osasinthasintha ndi pampu yosaima, ndipo kwathu kuno ziwiri zonsezi munthu amachita kuzimenyera.

Amene munazolowera mbuna mukudziwa kuti ndi nsomba zopirira. Mumatunga madzi a pampopi, kuchotsa klorini, kuika miyala, basi zimaswana. Makorali sali choncho. Madzi athu ochokera ku damu la Mulunguzi ndi abwino kumwa, koma madzi alionse a pampopi amakhala ndi tizinthu tosungunuka timene munthu sitimuvuta pomwe m'thanki ya makorali timadyetsa ndere. N'chifukwa chake chida choyamba kugula ndi makina osefera madzi a RO/DI, pamodzi ndi kamita ka TDS koyezera zotsalira m'madzi. Kamitako kakuyenera kuonetsa 0. Makinawa amafuna madzi othamanga, ndiye kwathu ndimasefa usiku pamene anthu ambiri atseka mipopi. Amatayanso madzi ambiri kuposa amene amasefa, koma otayikawo alibe vuto: ndimawakinga m'ndowa n'kuthirira mpiru ndi tomato kuseri kwa nyumba. Madzi amchere ochoka m'thanki ndiwo osayerekeza kuthira kudimba, amaumitsa mbewu.

Mchere nawo si wa kumsika wa Mpondabwino. Wa m'khitchini uli ndi sodium chloride ndi ayodini basi, pomwe makorali amafuna calcium, magnesium ndi zina zambiri zopezeka m'nyanja. Mchere wake umabwera m'chidebe, wosakaniza kale, ndipo wanga ndimaitanitsa ku Johannesburg. Pa lita imodzi pamalowa magalamu pafupifupi 35 mpaka 38, mpaka refractometer, kachida koyezera mchere m'madzi, ionetse 1.025 kapena 1.026. Ubwino wa thanki yaing'ono uli pomwepa. Ndimasintha malita 6 pa sabata, ndiye chidebe chimodzi chimakhalitsa, ndipo kusintha madzi kokhako kumabwezeretsa zimene makorali ofewa amadya popanda kugula mankhwala ena. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimapweteka m'thumba, choncho chinthu chokhalitsa chimakhala chamtengo wapatali kwa ine.

Mwezi woyamba m'thanki munalibe chamoyo chooneka ndi maso. Munali miyala youma, mchenga ndi mabakiteriya a m'botolo. Pamatenga masabata 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya achuluke mokwanira kusandutsa ammonia, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba, kukhala nitrite, kenako nitrate yomwe si yoopsa kwambiri, ndipo kuika nsomba ammonia isanafike pa 0 n'kuipha. Alendo ankalowa pabalaza n'kusuzumira, n'kufunsa kuti, “Nanga nsombazo zili kuti, achimwene?” Ndinkawaonetsa timabotolo toyezera madzi. Kenako kunabwera nyengo yonyansa imene aliyense woyamba amadutsamo. Mchenga woyera uja unachita bii ndi ndere zofiirira zotchedwa diatoms, galasi likuda tsiku ndi tsiku. Zitatha izo panamera ndere zobiriwira zautali pamiyala. Sindinathire mankhwala alionse. Ndinaika nkhono zinayi za Trochus, kuchepetsa maola a nyale, kuzula ndere ndi dzanja posintha madzi, ndipo pofika mwezi wachinayi miyala inayamba kuchita timadontho tapinki ta ndere zolimba za coralline, chizindikiro chakuti thanki yakhazikika. Nkhono zimenezi ndimazilemekeza. Zikagwa chagada zimadzitembenuza zokha, ndipo m'mawa mumapeza kanjira koyera pagalasi pomwe inadutsa usiku.

Tsopano nkhani ya nthunzi, imene oweta nsomba za m'madzi opanda mchere saiganizira n'komwe. Madzi akauluka, mchere umatsala. Zili ngati ndiwo zoiwalika pamoto: msuzi ukamaphwa, mchere umawawa. M'thanki ya malita 60, lita imodzi ikauluka mchere wakwera kale moti makorali amamva. Ndiye tsiku lililonse muyenera kuwonjezera madzi osefa opanda mchere mpaka pa mzere umene munalemba pagalasi. Poyamba ndinkathira ndi kapu m'mawa ndi madzulo. Kenako ndinagula kachida kamene kamaona kuti madzi atsika n'kudzithirira kuchokera m'chigubu, ndipo pa zonse zimene ndawonjezera pa thankiyi, chimenechi ndicho chinasintha maonekedwe a makorali msanga. Anasiya kufwamphuka ndi kunyala mosinthasintha, n'kumakhala otambasuka tsiku lonse.

Magetsi ndiye mutu wa nkhani yonse. Nyale ikazima tsiku limodzi kapena awiri, makorali sadandaula kwenikweni, pakuti ngakhale kunyanja kumachita mitambo. Koma madzi akaima, mpweya umatha. Madzi amchere amasunga okosijeni wochepa kuposa madzi wamba, ndipo mabakiteriya a m'miyala nawo amapuma, kotero m'maola ochepa nsomba zimayamba kupuma mwabefu pamwamba. Usiku wina wa mvula yamphepo magetsi anathima mpaka kucha. Ndinali nditalumikiza kale pampu yoyendetsa madzi ku batire ya sola kudzera pa inveta yaing'ono, ndipo kapampu ka mpweya koyendera mabatire kanali pambali. Ndinaunika ndi tochi cha m'ma 2 koloko: pamwamba pa madzi panali timafunde, nsomba zanga ziwiri zitagona pakona yawo, zipsepse zikugwedezeka pang'onopang'ono. Mapampu a thanki yaing'ono amadya magetsi ochepa kwambiri, moti batire imodzi imawayendetsa usiku wonse. Hita ndiyo sindiika pa batire chifukwa imaimaliza msanga. Kukazizira ndimafunditsa thanki bulangete. Ngati ndalama zanu zikukwana chimodzi pakati pa nyale yodula ndi batire, gulani batire. Pamenepa sindisintha maganizo.

Nyengo ya kuno ili ndi mbali ziwiri. Madzi amafunika kukhala pakati pa madigiri 24 ndi 26. M'Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri, m'nyumba mumazizira moti hita ya mawati 50 inkayaka pafupifupi usiku wonse, koma inakwanitsa. Chovuta ndi Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe. Masana ena madzi ankafuna kupitirira 28, ndipo kutentha kukapitirira kwa masiku, makorali amatulutsa tindere ta zooxanthellae timene timakhala m'thupi mwawo n'kumawapangira chakudya ndi kuwala. Akatero amayera n'kuyamba kufa ndi njala, chimodzimodzi zimene zakhala zikuchitika ku Great Barrier Reef, kunyanja ya ku Australia, m'zaka zotentha monga 2016. Ine chinandipulumutsa ndi kafani ka kompyuta kouzira pamwamba pa madzi, chivindikiro chitachotsedwa. Kamatsitsa madigiri awiri kapena kuposerapo pang'ono, koma nthunzi imachuluka, ndiye chigubu cha madzi owonjezera chimatha msanga. Pa masiku oopsa ndinkayandamitsa botolo la madzi oundana lotseka bwino. Thanki ikhale kutali ndi zenera lolowa dzuwa, ndipo ngati nyumba yanu ndi ya malata opanda siling'i, ganizirani kawiri musanayambe.

Zokhalamo ndi zochepa, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Nsomba ndi ziwiri zokha, za Amphiprion ocellaris, zija zalalanje za mizere itatu yoyera, zoswedwa m'mathanki osati zogwidwa kunyanja. Zinabwera zofanana msinkhu. Patapita miyezi imodzi inakula kuposa inzake n'kuyamba kulamulira, ndipo yaing'onoyo ikakumana nayo imapendekeka n'kunjenjemera thupi lonse posonyeza kugonja. Nsombazi zonse zimayamba zosakhala zazikazi, ndipo yamphamvu ndiyo imasanduka yaikazi. Ndinaziwerenga kale zimenezi, koma kuziona zikuchitika pabalaza panga kunandikhazika pansi nthawi yaitali. Sizifuna anemone, chamoyo choluma chonga duwa chimene zimabisalamo kunyanja, kuti zikhale bwino, ndipo woyamba asagule anemone. Zanga zinasankha korali wofewa wa Xenia, amene timanja take timafumbata ndi kufumbatula tokha tsiku lonse, n'kumadzigudubuza m'menemo.

Makorali ndinayamba ndi ofewa: Xenia ameneyo, makorali onga bowa a Discosoma, ma green star polyps ndi ma zoanthid ochepa. Green star polyps usiku amakhala ngati kansalu kofiirira pamwala, koma nyale ikayaka timitu tobiriwira timatuluka kamodzikamodzi mpaka mwala wonse kumawirira ndi kuvina m'madzi. Amakula mofulumira, choncho muwaike pa mwala wawowawo asakwere anzawo. Xenia nayenso amafalikira mosaletseka, pano ndayamba kudula. Pa ma zoanthid ndikuchenjezeni mwamphamvu: ena ali ndi poizoni wa palytoxin, woopsa kwambiri. Valani magolovesi, tetezani maso, musagwire muli ndi bala, ndipo mwala wochoka m'thanki musauwiritse pamoto, chifukwa nthunzi yake yagonekapo mabanja athunthu m'chipatala kumaiko ena. Pakhomo pali ana, ndiye thanki yanga ili pamalo okwera ndipo m'madzi mumalowa dzanja langa lokha.

Kupeza zamoyozi ndi ntchito ina payokha. Kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko muno kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za usodzi, ndipo makorali olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire, kotero amafuna mapepala awoawo. Yambani ndi mapepala musanalipire kanthu. Zanga zinafikira pa bwalo la ndege la Chileka m'mapulasitiki a okosijeni, m'bokosi losunga kutentha, ndipo ulendo wa pamsewu kufika ku Zomba ndinauyenda osaima paliponse. Kunyumba ndinazizoloweza madzi atsopano podonthezera pang'onopang'ono nyale itazima. Zotola pagombe ku Mozambique n'kubisa m'chikwama musachite. N'kuphwanya lamulo, komanso zimabweretsa matenda ndi tizilombo monga Aiptasia amene amaluma makorali ndipo savuta kuchuluka.

Za thanki yeniyeniyo: galasi ndi loyera bwino ndipo silinadonthepo. Pampu yobwera nayo inayamba kulira patatha miyezi ingapo, ndinaisintha ndi ina ya DC yomwe ndi yachete komanso yosavuta kuyendetsa pa batire. Nyale ya pachivindikiro ndi yokwanira makorali ofewa okha. Kachipinda kakuseri n'kopanikiza, dzanja la munthu wamkulu limalowa movutikira, ndipo thonje losefera limafuna kusintha kawiri pa sabata, apo ayi nitrate imakwera. Protein skimmer, chida chochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu, sindinagule ndipo pa kukula kumeneku sindikuisowa. Zoyezera madzi za Salifert zandithandiza mokhulupirika. Alkalinity, mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, ndimaisunga pakati pa 8 ndi 9 pa muyezo wa dKH, calcium cha m'ma mamiligalamu 420 pa lita, ndipo ndimalemba zonse m'kope kuti ndione komwe zikulowera.

Ndikanati ndiyambe lero, ndikanatenga ya malita 100. Madzi ambiri amachedwa kutentha, amachedwa kuzizira, mchere sukwera msanga, ndipo kuno kumene magetsi amatha kuchoka osatsanzika, kuchedwa kumeneko n'kofunika kuposa ndalama zimene mungapulumutse pogula yaing'ono. Amene mumayendayenda masabata osasiya munthu wodalirika pakhomo, khalani ndi mbuna zanu, n'zokongola ndipo n'zathu. Koma ngati muli ndi batire, makina a RO ndi mphindi khumi tsiku lililonse, yambani ndi miyala ndi madzi, nsomba zidzabwera pambuyo. Ine ndikudikira kuti alkalinity ikhale malo amodzi mpaka mvula ithe, ndipo ikatero ndiyamba kufunsira mapepala a korali wanga woyamba wolimba, wa mtundu wa Euphyllia.