Seva ikafa, chingakupulumutseni nchiti: backup ya panel, cpconftool kapena snapshot?

Ambirife amene timayang'anira maseva a mawebusaiti timagona tulo tofa nato poona kuti WHM, gawo la cPanel la woyang'anira seva yonse, ikupanga backup usiku uliwonse. Tsiku limene diski yafa mpamene timadzidzimuka. Mawebusaiti abwerera ndithu, koma maimelo akukanidwa, PHP ndi ya mtundu wina, ndipo zonse tinasintha mu Tweak Settings ya WHM zaka zapitazo zapita. Backup ija inasunga maakaunti a makasitomala, osati makonzedwe a seva.

Tiyambe ndi backup ya panel yomweyo, ndiye kuti pulogalamu yoyendetsera seva monga cPanel kapena Plesk. Pa cPanel, pulogalamu ya pkgacct imamanga akaunti yonse mtolo umodzi: mafayilo, madatabesi, maimelo ndi ma DNS zone, ndipo restorepkg imamasula mtolowo pa seva ina iliyonse ya cPanel. Ubwino wake ndi umenewo, mungathe kusamuka nawo, kapena kubweza akaunti imodzi yokha osakhudza zina. WHM ilinso ndi malo osankha kuti izisunga mafayilo a system, koma kuwabwezeretsa kwake nkwa pamanja, fayilo ndi fayilo, pa nthawi imene makasitomala akuimba foni mosalekeza. Komanso musaiwale kuti WHM ikangosiyidwa momwe inabwerera imasunga backup mu /backup, pa seva yomweyo. Itumizeni kunja kudzera pa SFTP, Amazon S3 kapena Backblaze B2.

Apa Plesk ili patsogolo pang'ono. Backup Manager yake imatha kutenga makonzedwe a seva pamodzi ndi maakaunti, ndipo databesi ya psa, mtima wa panel, imakoperedwa tsiku lililonse mu /var/lib/psa/dumps. Msampha wake uli pa mapasiwedi. Mukapanda kuika pasiwedi yanu pa backup, Plesk imawabisa ndi kiyi wa seva imeneyo, ndiye mukabwezeretsa pa seva ina imapanga mapasiwedi atsopano. Ganizirani kufotokozera makasitomala onse chifukwa chimene imelo yawo yasiya kutseguka.

Njira yachiwiri ndi imene ndimadabwa kuti anzathu ambiri saidziwa. Mu /usr/local/cpanel/bin muli cpconftool, kachida kotolera makonzedwe a Exim (ya maimelo), EasyApache (ya Apache ndi PHP), MySQL (ya madatabesi) ndi a WHM nkuwaika m'kafayilo kamodzi ka tar.gz. Nkakang'ono, kamatha m'kanthawi kochepa, ndipo pa seva yatsopano kamabweza ntchito imene ikanakutengerani tsiku lathunthu mukukumbukira kuti munadina pati. Sikadziyendetsa kokha, muyenera kukaika pa cron, imene imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika. Sikatenganso mawebusaiti ngakhale pang'ono, ndipo zimene munawonjezera nokha, monga firewall ya CSF mu /etc/csf, muzikopere panokha. Inu a panel ya DirectAdmin, mafayilo anu oti muzikopera ndi directadmin.conf ndi options.conf ya CustomBuild.

Snapshot ndiye imakopa kwambiri. Imajambula diski yonse, panel, masetingi, chilichonse, ndipo kubwerera nkungodina kamodzi. Musanasinthe mtundu wa panel kapena wa MySQL, palibe choiposa. Koma pa ngozi yeniyeni ndimaikayikira. Nthawi zambiri imakhala kwa kampani yomwe ikusungirani seva, ndipo kuisamutsira kwa ena nkovuta. Moto umene unapsereza data center ya kampani yosunga maseva ya OVH ku Strasbourg, m'dziko la France, mu March 2021 unasiya makasitomala ena opanda seva ndiponso opanda backup, popeza zonse zinali pamalo amodzi. Chinanso, snapshot yojambulidwa databesi ili mkati molemba ingathe kutuluka ndi matebulo a MySQL a mtundu wa MyISAM owonongeka. Ndipo kasitomala akafuna imelo imodzi imene anafufuta dzana, simungabweze seva yonse m'mbuyo chifukwa cha iye yekha.

Ine ndimaphatikiza ziwiri zoyambazo, backup ya panel ndi cpconftool, nkuzitumiza kwa kampani ina, snapshot ndimaisungira masiku osintha zinthu zazikulu. Pobwezeretsa ndimayamba ndi kuika panel ya mtundu wofanana ndi wakale, kenako cpconftool, maakaunti pomaliza, kuti akafike pa PHP imene anazolowera. Mukayeserera zimenezi pa seva ya VPS yobwereka kwa maola ochepa mudzagundana ndi china chimene backup iliyonse siinyamula: laisensi ya cPanel imamangidwa pa IP, choncho seva yatsopano ikakhala ndi IP ina muyenera kusamutsa laisensiyo kaye.