Anayamba amva kaye dandaulo la disiki: ndemanga pa shopu ina yokonza makompyuta mu Mzuzu

Ndili ndi kasteshonale ku Luwinga, kufupi ndi Mzuzu University, kumene ndimataipira ndi kusindikizira ophunzira ntchito zawo, ndipo pafupifupi chilichonse chimene chimandidyetsa chimakhala m'kompyuta imodzi ya patebulo yokhala ndi hard disk ya 1 TB. M'miyezi yozizira yapitayi kompyutayo inayamba khalidwe lachilendo. Ndikatsegula foda ya makasitomala inkangouma kwa kanthawi, kenako n'kupitiriza ngati palibe chimene chachitika, mpaka m'mawa wina inakaniratu kulowa mu Windows. Amisiri awiri oyamba amene ndinawafikira anandipatsa yankho lofanana, lakuti aifomate n'kuikamo Windows yatsopano, chimene chikanafafaniza zolemba za anthu amene anali atandilipira kale. Ndemangayi ndi ya malo achitatu, kachipinda kapamwamba pa golosale ina kufupi ndi msika waukulu wa m'tauni. Dzina lake sindilitchula popeza ndili ndi zoyamikira komanso zodandaula.

Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti mmisiri wa pamenepo sanayese n'komwe kuyatsa Windows. Anamasula bokosi, anachotsa disiki, anailumikiza ku kompyuta yake ndi chingwe cha SATA, anayatsa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, kuchokera pa flashi, kenako analemba liwu limodzi lakuti dmesg, lamulo loonetsa mauthenga amene Linux imalemba okhudza zida za kompyuta. Sikirini inadzaza ndi mizere, ndipo iye anayamba kuilondola ndi chivindikiro cha cholembera mpaka anaima pamene panalembedwa kuti Medium Error, pansi pake Unrecovered read error, ndi nambala yaitali ya sekita, kachigawo kakang'ono ka disiki, imene inakanika kuwerengeka.

"Amayi, disiki yanuyi sinafe, ikulankhula ndithu," anatero. "Tiyambe tamva chimene ikudandaula tisanaigwire."

Ndinamufunsa kuti, "Nanga achimwene, chinthu chimene chikukanika kuwerenga chingathe bwanji kufotokoza vuto lake?" Yankho lake ndi limene landichititsa kulemba ndemangayi, chifukwa linandisonyeza kuti ndafika kwa munthu wodziwa ntchito yake, osati wongoloweza mabatani.

Pakati pa disiki ndi mapulogalamu athu pali kapulogalamu kotchedwa driver, kamene kamatumiza malamulo owerenga ndi kulemba, n'kulandira mayankho. Lamulo likalephera, sikokwanira kungomva kuti lalephera. Pamafunika chifukwa chake, ndipo m'chinenero cha SCSI, chimene makompyuta amalankhulirana ndi madisiki ena, chifukwacho chimabwera m'kauthenga kakafupi kotchedwa sense data. Kauthengako, m'kapangidwe kake kofala, kamatenga mabayiti 18 okha, ndipo muli nambala yonena mtundu wa vuto ndi zina ziwiri zolongosola tsatanetsatane. Nambala 3 ndiyo Medium Error, kutanthauza kuti vuto lili pa mbale yeniyeniyo yosungirapo zinthu. Nambala 4 ikanatanthauza kuti zida za m'kati mwa disiki ndizo zawonongeka, ndipo nambala 2 ikanati disiki sinakonzekere kugwira ntchito. Disiki ya SATA ngati yanga siyankhula SCSI mwachibadwa, koma mu Linux muli gawo lotchedwa libata limene limamasulira zizindikiro zake kuti zifike m'kapangidwe komweko. Kusiyana kwa 3 ndi 4 ndiko kunamuuza mmisiri uja kuti pali mwayi wopulumutsa zinthu zanga popanda kutsegula disiki.

Mfundo imene sindinkaidziwa ndi ya malo olandirirapo kauthengako. Munthu angaganize kuti vuto likachitika, driver amangopempha malo mu RAM, mmene kompyuta imasungamo zinthu kwa kanthawi ikamagwira ntchito, n'kulembapo lipoti, koma nthawi ya vuto ndiyo nthawi yoipitsitsa yopempha malo. RAM ikadzaza, njira imodzi imene kompyuta imapezera malo ndiyo kusamutsira zina mwa zimene zili m'menemo ku disiki. Tsono ngati disiki yomweyo ndiyo yaima, kudikira kuti vuto lake liunikidwe, ndiye kuti driver akudikira malo, malowo akudikira disiki, disikinso ikudikira driver, ndipo palibe chimene chingasunthe. Mmisiri uja anaifanizira ndi nyumba imene ikupsa pamene njira yokha ya ku mjigo yadutsa m'nyumba momwemo, ndipo anati wanzeru amakhala atatungiratu ndowa n'kuiika pakhomo. Ndowayo mu Linux ndi mabayiti 96 amene amapatulidwiratu pa malo aliwonse a lamulo, vuto lisanaoneke, kotero kuti lipoti likafika limapeza pokhala ngakhale RAM itadzaza bwanji. Ndipo pamene driver sangachitire mwina koma kupempha malo ali m'kati mwa ntchito yolemba kapena kuwerenga, amapempha ndi chizindikiro chotchedwa GFP_NOIO, chimene chimaletsa kuti malowo apezeke poyambitsa ntchito ina ya pa disiki. Mabayiti 96 ndi ochepa kuposa uthenga umodzi wa SMS wodzaza, koma mizere imene chivindikiro cha cholembera chinaimapo ija inachokera m'menemo.

Atamaliza zimenezi anayang'ana manambala a SMART, amene disiki imadzisungira yokha, pogwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa smartctl. Anandionetsa mzere wa 5, wowerenga masekita amene anasamutsidwa kale chifukwa chowonongeka, ndi mzere wa 197, wowerenga amene akukayikitsa ndipo akudikira chigamulo. Wa 197 unali utakwera pamene anauyang'ananso patapita ola limodzi, ndipo pachifukwa chimenecho anakana pempho langa lakuti angondikoperako mafoda awiri ofunika mwachangu kuti ndibwerere ku Luwinga. Anati kukopera mwa nthawi zonse kumaumirira pa sekita yowonongeka mobwerezabwereza, zimene zimatopetsa disiki yodwala kale. M'malo mwake anandituma kukagula disiki yatsopano, yosachepera kukula kwa yakaleyo, ndipo anayambitsa GNU ddrescue, pulogalamu yaulere yolembedwa ndi Antonio Diaz Diaz, imene imayamba yatenga malo onse abwino, kudumpha ovuta, n'kudzawabwerera pomaliza. Pulogalamuyi imasunga kafayilo kosonyeza pamene yafika, ndipo phindu la kafayiloko tinaliona tsiku lachiwiri pamene magetsi anathima, batire la invetala n'kutha posakhalitsa. Magetsi atabwera, ntchito inapitirira pamene inalekezera.

Koma kuthima kwa magetsi komweko kunavumbulanso chofooka chachikulu cha shopuyi. Disiki yanga inali isanathe nthawi ya chitsimikizo chimene wogulitsa anandipatsa, ndipo ndinkafuna umboni wolembedwa wa mauthenga oyamba aja kuti ndikamuonetse. Nditaupempha, mmisiri anakanda kumutu. Mauthenga a dmesg amakhala mu RAM, m'malo a kukula kokhazikika amene amazungulira: akadzaza, uthenga watsopano umalembedwa pamwamba pa wakale kwambiri. Kapangidwe kameneka n'kadala, ndipo kamachokera ku nzeru yomwe ija yakuti kulemba lipoti la vuto kusadalire kupempha malo atsopano, koma zotsatira zake n'zakuti disiki yodandaula usiku wonse ikhoza kufafaniza yokha dandaulo lake loyamba. Kuwonjezera apo, Linux yoyatsidwa pa flashi mwa njira imeneyi sisunga mauthengawo magetsi akathima. Mzere umodzi wokha wa lamulo ukanakwana kutumiza mauthengawo ku fayilo, ndipo munthu amene anandifotokozera bwino chotere za ndowa ya pakhomo sanaulembe. Izi zinandikhumudwitsa, ndipo ndinamuuza pamaso.

Ndiyenera kunena kuti sanakane kulakwa kwake, ndipo anapeza njira ina. M'zimene anapulumutsa munali kaundula wa Windows wolembamo zochitika, ndipo ataitsegula fayiloyo mu Event Viewer tinapeza mizere yambiri ya nambala 7, yonena kuti disiki ili ndi malo owonongeka, komanso ya 153, yonena kuti ntchito yowerenga kapena kulemba inachita kubwerezedwa. Mizereyo inayamba masabata angapo kompyuta isanaime, nthawi imene ine ndinkangoganiza kuti mwina yalowa vairasi. Unali mwayi chabe kuti kaundulayo anapulumuka, chifukwa Windows imamusunga pa disiki yomweyo imene inali kudwala. Anandisindikizira masamba awiri, ndipo ndiwo ndinapita nawo kwa wogulitsa.

Za nthawi ndi kasamalidwe ka kasitomala, pali zofunika kukonza. Anandilonjeza masiku 2 koma ntchito inatenga masiku 5, ndipo ngakhale ndikumvetsa kuti disiki yodwala siithamangitsidwa, akanatha kundiimbira m'malo moti ndizikwera minibasi kuchokera ku Luwinga kukangofunsa. Foni yake imalira osayankhidwa akakhala pa ntchito, risiti imabwera ukachita kuipempha, ndipo pokhala ndi benchi imodzi yopanikizana pakati pa mabokosi a makompyuta akufa. Mtengo anaunena asanayambe, m'magawo awiri, wopima ndi wopulumutsa, ndipo sunasinthe ngakhale masiku anawonjezeka. Zonse pamodzi sizinafike pa ndalama imene ndinagulira disiki yatsopano. Ananenanso poyera kuti disiki ikakhala yogogoda m'kati, kapena yosazungulira n'komwe, iye saitsegula chifukwa alibe chipinda chopanda fumbi chimene ntchito yotero imafuna, ndipo sangalandire ndalama pa chinthu chimene sangachikwanitse.

Poyesa ngati mafayilo apulumukadi, anandiitana kuti ndikhale pampando wake ndi kutsegula ndekha, iye ataima chapatali, chimene ndinachiyamikira popeza zambiri mwa zolembazo si zanga. Pafupifupi zonse zinatseguka. Zimene zinatayika ndi zithunzi zingapo zimene zimaoneka theka, theka linalo lili lotuwa, ndi fayilo imodzi ya wophunzira wina imene mwamwayi anali nayo pa imelo. Disiki yakale anandibwezera ili m'kapepala ka pulasitiki, atalembapo ndi maka kuti "Osaigwiritsanso ntchito", ndipo anandichenjeza kuti ndikaifomata idzaoneka ngati yachira chifukwa masekita okayikitsa akalembedwanso amatha kusamutsidwa kapena kuchoka pa mzere wa 197, koma mbale imene yayamba kuwonongeka kawirikawiri imapitiriza.

Mnzanga wina wa ku Chibavi, wojambula zithunzi za maukwati, wandiuza kuti laputopu yake yayamba kuuma mofananamo, ndipo ndamutumiza komweko. Ndamuuza kuti aizimitse lero lomwe, apite ndi flashi yake yopanda kanthu, ndipo asachoke pa benchi paja mpaka ataona ndi maso ake kuti mauthenga a dmesg ndi manambala a SMART akoperedwa pa flashiyo ntchito isanayambe.