Makhadi a mawu a literature aja, patha miyezi 8 tsopano

Paja mu Ogasiti ndinakuuzani kuti ndamugulira mwana wanga kabokosi ka makhadi a mawu achingerezi, aja amati ngothandiza ana amene akuphunzira mabuku a ku America a m'ma 1800. Ena munati ndidzanene zayenda bwanji, nde pano ndi Epulo, sukulu yatsala pang'ono kutsekera, ndabwera nazo.

Kwa amene simunamve, mtsikanayu anabwera kuno ku Indiana, ku America, atamaliza fomu 2 kumudzi, chizungu amachitha ndithu, koma kuno giredi 11 English yake ndi American literature chaka chonse. Makhadiwo alipo 500, kutsogolo kuli liwu, kumbuyo tanthauzo ndi kachiganizo kamodzi basi. Ndinalipira madola 20 ndi kenakake.

Miyezi iwiri yoyamba ndinkachita kudzitama nawo. Anayamba ndi The Scarlet Letter ya Nathaniel Hawthorne, buku la 1850 koma nkhani yake ndi ya ku Boston m'ma 1640, nthawi ya ma Puritan, Akhristu okhwimitsa malamulo aja ochokera ku England, ndiye chizungu chake nchokalamba kawiri, wolembayo ndi wakale kenako nayenso akutsanzira anthu akale kuposa iye. Mawu ngati ignominy, sagacity, countenance, physiognomy, visage onsewo m'kabokosi alimo, ndipo makwizi a Lachisanu ankangowamwa ngati madzi. Tinkafunsana m'galimoto popita ku tchalitchi, ine ndikuyendetsa iye akuwerenga, nanenso ndinaphunzirapo kuti ignominy ndi manyazi aja ochititsidwa pagulu anthu akukuloza zala. Pamenepa sindiwanyoza makhadi, ntchito yawo anagwira.

Zinayamba kuvuta atapatsidwa essay. Anabwera ndi C, akulira, eti mami mawu onse ndimawadziwa koma aphunzitsi akuti sindinamve nkhani. Ndinakhala naye pansi titsegule bukulo tione wagwera pati, nkupeza kuti mawu akuluakulu aja sanamupunthwitse ngakhale limodzi, omwe amugwetsa ndi timawu tomwe amatidziwa kuyambira sitandade 3, tomwe sungaganize nkomwe zotsegula dikishonale. Want. Iye amati ndi kufuna, pomwe m'mabuku akalewa nthawi zambiri ndi kusowa. Fancy amati ndi zinthu zodula zapamwamba, pomwe kumeneko ndi zolingalira za m'mutu. Sensible si munthu wanzeru ayi, ndi munthu amene wazindikira kapena akumva chinachake. Awful si choipa, ndi chinthu chogwetsa mantha ndi ulemu pamodzi, monga timanenera za Mulungu kuti ngoopsa. Nanga intercourse, kkkk mwana anachita kutseka buku ndi manyazi, osadziwa kuti akungonena za kucheza ndi kuchitira zinthu limodzi kwa anthu. Pa mawu onsewa palibe ngakhale khadi limodzi, poti amene anapanga anangotola mawu ooneka ovuta m'maso. Ngakhale scaffold, lomwe lilimo, kumbuyo analemba za zokwerapo amisiri pomanga nyumba, pomwe m'buku la Hawthorne ndi nsanja imene anamuimikapo Hester Prynne pamsika atanyamula khanda, chilembo A chili pachifuwa chifukwa cha chigololo, ndipo nsanja imeneyi imabwera katatu m'nkhanimo, ndi msana wa buku lonse. Mwana ankangoti nanga akumanga chani pamenepo.

Za want zija anatimasulira ndi bambo ake mwangozi. Anali kukhitchini akumva tikulimbana, anangoti kodi Salimo 23 ya King James imati chani, nanga ya Buku Lopatulika imati chani. I shall not want, sindidzasowa. Mtsikana anangoti kukamwa yasa. Kuyambira tsiku limenelo tinazindikira kuti mwana wokulira ku Sande sukulu ali ndi chida chimene anzake ambiri m'kalasi alibe, kungoti samadziwa kuti nchida. Thee ndi thou za ma Puritan zija ndi za m'Baibulo lomwelo la 1611. Mwana wa Hester dzina lake Pearl, ndi ngale ya mtengo wapatali ya pa Mateyu 13. Atafika pa zidutswa za Moby-Dick ya Herman Melville, ya 1851, buku lonse sanawerenge ayi ndi lalikulu zedi, iye ndi amene anauza kalasi kuti Ahab ndi Ahabu mfumu yoipa ija mwamuna wa Yezebeli ndipo Ishmael ndi Ismayeli mwana wa Hagara wothamangitsidwa kuchipululu. Anabwera kunyumba akumwetulira tsiku limenelo. Makhadi zimenezi sanganene, si ntchito yawonso, koma ndikungofuna mudziwe kuti malire awo ali pomwepo.

Chimene chinatipulumutsa kwenikweni nchaulere. Dikishonale ya Noah Webster ya 1828 ili pa intaneti, umangolemba liwu pafoni nkukupatsa tanthauzo monga ankalimvera anthu a nthawi imeneyo, kawirikawiri ndi chitsanzo cha m'Baibulo. Ndinadabwa nditamva kuti Emily Dickinson, wandakatulo uja analemba ndakatulo pafupifupi 1,800 koma zosindikizidwa ali moyo zinali zowerengeka, nayenso ankagwiritsa ntchito Webster, yosindikizidwa mu 1844 kwawo komweko ku Amherst. Ndiye powerenga ndakatulo zake ukamayang'ana mu Webster uli ngati ukusuzumira m'buku lomwe linali patebulo pake. Tinagula makhadi opanda kanthu ku shopu ya dola imodzi ija, akakumana ndi liwu lomusokoneza amalemba chiganizo chonse cha m'buku kutsogolo, kumbuyo tanthauzo lakale, nthawi zina mpaka m'Chichewa akaona kuti ndi momwe likhale m'mutu. Pano ake olemba pamanja ndi ambiri ndithu ndipo ndi omwe amayenda nawo m'chikwama.

Temu ya olemba awiri Emerson ndi Thoreau makhadi ogulawo anangokhala pa shelefu. Liwu la Transcendentalism, dzina la maganizo a olemba amenewa, lilipo, tanthauzo lake mzere umodzi, koma mzere umodzi sungakuuze chifukwa chake Thoreau anasiya tauni kukakhala m'kanyumba kodzimangira yekha m'mbali mwa dziwe la Walden zaka ziwiri kuyambira 1845 kenako nkulemba buku lotuluka mu 1854. Bambo ake anati kwathu ameneyo tikanamutcha wamisala kapena mlimi wamba, zimenezo nzawo.

Frederick Douglass ndi amene anamugwira mtima. Munthu anabadwira mu ukapolo ku Maryland, anathawa mu 1838, nkulemba yekha mbiri yake mu 1845, ndipo chizungu chake nchomveka kuposa cha Hawthorne kutalitali. Apa makhadi anathandizako pa abolitionist, munthu wofuna ukapolo uthe, ndi emancipation, kumasulidwa kwa akapolo. Overseer ndinamuuza ine kuti ndi kapitawo, koma kapitawo wa chikwapu amene akhoza kupha munthu osaimbidwa mlandu. Chinamuzunguza ndi peculiar institution, dzina limene azungu a kummwera ankaitanira ukapolo, iye ankamva ngati akuvomereza okha kuti nchinthu chachilendo, pomwe peculiar panthawiyo ndi chathu chathu, za kwathu kuno musalowerere. Liwu limodzi lomwelo likasintha, nkhani yonse yatembenuka.

Pa Huckleberry Finn ya Mark Twain, yomwe kuno inatuluka mu 1885, musavutike nkomwe kutsegula kabokosi. Mawu ake si ovuta, ndi kalembedwe, analemba monga anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi ankayankhulira, reckon apa warn't apo, ndipo zoyankhula za Jim, kapolo wothawa wa m'nkhanimo, ukaziyang'ana ndi maso okha sumva kanthu mpaka uziwerenge mokweza. Tinabwereka yomvera ku laibulale, yaulere, akamamvera akutsatira ndi chala zinayenda. Komanso makolo anzanga konzekerani, liwu lija lotukwanira anthu akuda lilimo kuposa ka 200, ndipo mwana wanu mwina adzakhala wakuda yekha m'kalasimo pamene akuliwerenga. Ife tinakambirana kaye kunyumba asanayambe, ndipo ndikuthokoza kuti tinatero.

Za kulimba kwake, kabokosi kanang'ambika mu Novembala, pano ndamanga ndi malabala a tsitsi. Makhadi enieniwo ngolimba, limodzi linagwera mu tiyi koma likuwerengeka, ena angapo anasowera pansi pa mpando wa galimoto. Zilembo za kumbuyo nzazing'ono kwambiri, ine popanda magalasi sindiona kanthu. Chinanso chondinyansa, anawasanja kuyambira A mpaka Z osati potsata mabuku, ndiye buku lililonse latsopano tinkataya madzulo athunthu tikusankhula.

Ndingagulenso? Pa mtengo umenewo eya, koma ndikanayamba ndi Webster ndi makhadi opanda kanthu sabata yoyamba yomwe, osadikira C. Essay yomaliza ya Douglass wabwera ndi A minus. Ogulawo akuti awasunge kaye awerengere SAT, mayeso olowera ku koleji, ikatha ndiwapereka kwa mnzanga wa kutchalitchi amene mwana wake akulowa giredi 11 mu Ogasiti. Olemba pamanja aja ndinamufunsa ngati tiperekere limodzi, wakana, akuti amenewo ngake.