Sky Patrol ya ASAS-SN: kuwala kwa 3C 273 tili ku Chipata

Aphunzitsi anzanga a sayansi, yesani Sky Patrol, webusaiti yoonetsa mmene kuwala kwa zinthu za kuthambo kumasinthira. Ndi ya ASAS-SN, pulojekiti yojambula thambo lonse yochokera ku Ohio State University. Ndi yaulere. Kuno ku Chipata telesikopu yamphamvu tilibe, ndipo m'dzinja mitambo imatseka thambo, koma makamera awo a ku Chile, Hawaii ndi South Africa amatijambulira.

Ndinalembamo malo a 3C 273, quasar (pakati powala kwambiri pa mlalang'amba wakutali) ya m'gulu la nyenyezi la Virgo, imene katswiri wa zakuthambo Maarten Schmidt anazindikira mu 1963 kuti ili kutali kwambiri. Galafu inaonetsa kuwala kukukwera ndi kutsika pamene mpweya wotentha ukugwera mu black hole, malo a mphamvu yokoka kwambiri moti ngakhale kuwala sikutulukamo. Kuwala kukamasintha msanga, ndiye kuti gwero lake ndi laling'ono. Ana anga a Giredi 12 anamvetsa ataona okha. Pafoni timadontho ta pa galafu timapanikizana, choncho atsegulireni pa kompyuta.