Tracker ya GPS pa jenereta: inandibwezera katundu, koma ili ndi nkhuli

Ndimabwereketsa zokuzira mawu, matenti ndi jenereta pa zinkhoswe, maukwati ndi misonkhano ya mipingo kuno ku Lilongwe. Chaka chatha ndinagula ma tracker atatu a GPS pa shopu ina ku Old Town, tija tating'ono takuda ta mawaya anayi tolowa SIM kadi. Kamodzi ndinaikitsa pa jenereta yolizira kiyi, kena pa njinga yamoto ya mnyamata wanga wotumidwa, kachitatu pa pikapu. Ndalama zonse pamodzi ndi za wondiikira sizinafike pa zimene ndimalandira pa ukwati umodzi. Patha miyezi 11 tsopano, ndipo ndikukapatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Kamadziwa pamene kali pomvetsera masetilaiti a GPS amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwambaku, ndiye malowo kamawatumiza ku foni yanu kudzera pa SIM. Ya TNM kapena ya Airtel zonse zimalowa, bola ikhale yolembetsedwa ndi chitupa chanu cha unzika. Mukakatumizira SMS kamayankha ndi linki ya Google Maps. Pa app mumajambula mpanda mozungulira malo amene katundu ali, ndipo akangotuluka mumpandamo uthenga umabwera.

Mpanda umenewu ndi umene unandipulumutsa. Loweruka lina tinali ndi chinkhoswe ku Area 36, chinatha usiku, ndipo eni nyumba anati jenereta igone pakhonde tidzaitenge m'mawa. Uthenga unalowa 2:40 usiku. Ine ndinauona 5 koloko, chifukwa foni ndinaitseka mawu, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga. Nditatsegula app ndinaona ulendo wonse ngati ndinali nawo limodzi: poyamba kadontho kankayenda pang'onopang'ono, liwiro la munthu wokankha wilibala, kenako kanaima mphindi 20 m'mbali mwa msewu, n'kuthamanga kulowera njira ya ku Mitundu, n'kukaima zii.

Mlamu wanga anafuna kuti titenge anyamata tikathane nazo tokha. Ndinakana, tinayamba tadzera kupolisi. Titafika pamalopo ndi pamene ndinaphunzira chimene wogulitsa sanandiuze. Panja kadonthoko kamalozadi pafupi kwambiri, koma katundu akalowa pansi pa malata kamasokera. Kankadumphadumpha pakati pa nyumba zitatu zoyandikana, ndipo wapolisi sangangolowa nyumba za anthu chifukwa cha kadontho ka pafoni. Chinatithandiza ndi mkukuluzi wa matayala a jenereta pa dothi lonyowa, wolunjika ku kanyumba kosungiramo makala. Tinaipeza itakwiriridwa ndi matumba, batire atachotsa kale. Mwayi wake tracker ili ndi kabatire kakekake mkati kamene kamapirira kanthawi, ndipo malo omaliza anali atasungidwa kale pa app. Akanaona pamene kali, bwenzi atakazula n'kukaponya m'ngalande. Wondiikira anakabisa mkati mwa chivundikiro cha pulasitiki cha kumene kuli mabatani, mawaya n'kuwakulunga pamodzi ndi ena. Musalole kuti akaike mkati mwa chitsulo chotsekeka, sikamva masetilaiti.

Tsopano nkhuli ija. Kamadya batire usana ndi usiku. Nyengo ya mvula ntchito imachepa, jenereta inakhala milungu iwiri osalira, ndipo tsiku limene ndinaifuna kiyi anangoti kwete. Panopa ndimailiza Lachitatu lililonse ngakhale palibe ntchito. Kamadyanso bandulo, pang'ono zedi, koma ikatha sikakuuzani. Kadontho ka njinga kanakhala pamalo amodzi masiku 9, ine n'kumati mnyamatayu wasiya kuyendayenda, osadziwa kuti SIM yauma. Onani nthawi imene kanalankhula komaliza, osangoona kadontho. App nayonso Chingerezi chake n'chopindika, ndipo masiku oyamba inkaonetsa nthawi ya ku China, imene ili patsogolo ndi maola 6, mpaka ndinatsala pang'ono kukalipira munthu kuti ankayendetsa pikapu pakati pa usiku pamene kunali madzulo.

Za kuzimitsa injini muli kutali, zimagwira, ndinayesa pabwalo pakhomo. Koma sindingayerekeze kuzimitsa njinga munthu ali pa M1. Mnyamata wanga ndinamuuza poyera kuti njinga ili ndi tracker, kungoti sindinamuuze pamene ili. Ananyinyirika sabata imodzi, koma chichokere pamenepo mafuta a Lolemba akumafika Lachisanu.

Masipika, ampu ndi miksa ndiye ndikadali nazo pa mavuto, popeza zilibe batire yoti kadyepo. Mnzanga wa ku Johannesburg anati ndiike AirTag, kachipangizo ka Apple kolondolera katundu, koma iyo ilibe GPS, imadalira ma iPhone odutsa pafupi. Ku Area 47 mwina zingatheke, nanga kumudzi kwa Nathenje iPhone idutsa kangati? Komanso imachenjeza munthu amene akuyenda nayo, ndiye wakuba amadziwa. Chinanso choti muganizire ngati muli kufupi ndi malire, ku Mchinji kapena ku Dedza: katundu akawoloka n'kutalikira, SIM yopanda roaming imakhala chete.

Mwezi wamawa ndikugula kachinayi, ka maginito kochita kutchaja, ndikakayese m'bokosi la miksa. Foni nayo masiku ano imagona pafupi ndi pilo, mawu ali otsegula.