Logan Arcade ku Chicago: makina a pinball alipo, koma malekodi anachoka

Munthu amene akufuna kusewera pinball pa makina osamalidwa bwino mumzinda wa Chicago ayenera kufika ku Logan Arcade, pamsewu wa Fullerton Avenue m'dera la Logan Square, ndipo adzasangalala kwambiri akadziwa kaye kumene malowa achokera. Poyamba inali sitolo ya malekodi a nyimbo yotchedwa Logan Hardware, dzina limene linatengedwa ku sitolo ya zipangizo zomangira imene inali m'nyumbamo kale. Kuseri kwa mashelefu a zimbale kunali chipinda cha makina akale amasewera, ndipo aliyense wogula kanthu m'sitolomo ankaloledwa kulowa n'kusewera popanda kuponya ndalama. Mu 2014 nyumbayi inasandutsidwa bala ya masewera, sitolo ya malekodi inasamukira chapafupi pamsewu womwewo, ndipo patapita zaka zingapo inatsekedwa.

Chimene chimachititsa kuti malowa akhale oyenera ulendo ndi chisamaliro cha makina. Pinball ndi tebulo lopendekeka lokutidwa ndi galasi, limene kampira kachitsulo kamathamanga pakati pa magetsi ndi timiyala ta labala, ndipo wosewera amakabweza m'mwamba ndi timikono tiwiri timene amatiyendetsa podina mabatani a m'mbali. Kamkono kamodzi kakafooka, kapena labala akatha, masewera onse amaonongeka ngakhale magetsi akuwala bwino, chifukwa kampira sikafikanso pamene wosewera wachenjera akufuna. Ku Logan Arcade timikono timayankha msanga, ndipo makina akale aikidwa pamodzi ndi atsopano, moti munthu amatha kumva m'zala zake kusiyana kwa mibadwo ya masewerawa. Wosewera wodziwa amagwedeza tebulo pang'ono kuti kampira kasagwere pakati, koma akapyola muyeso makinawo amamulanga pozimitsa timikono, ndipo phunziro limeneli limamveka bwino pa makina amene ali m'chimake.

Palibe mzinda wina woyenera malo otere kuposa Chicago. Makampani a Gottlieb, Bally ndi Williams anali kumeneku, ndipo Gottlieb ndi amene anatulutsa makina oyamba okhala ndi timikono, Humpty Dumpty, mu 1947. Chodabwitsa n'chakuti mzinda umene unkapanga makinawa unaletsa anthu ake kuwasewera mpaka m'zaka za m'ma 1970, powaona ngati njuga, monga mmene meya Fiorello La Guardia anachitira ku New York mu 1942. Ku New York chiletso chinachotsedwa mu 1976, katswiri wa pinball Roger Sharpe atasewera pamaso pa khonsolo ya mzinda posonyeza kuti pinball imafuna luso. Williams inasiya kupanga makinawa mu 1999, koma kampani ya Stern ikupitirizabe kuwapanga ku Elk Grove Village, kunja kwa Chicago.

Chondidandaulitsa ndi chimene chinatayika pamene sitolo inasanduka bala. Malo ogulitsa mowa ku America salandira anthu osakwana zaka 21 monga mmene sitolo imawalandirira, choncho wachinyamata amene kale akanagula lekodi yotsika mtengo n'kuthera masana onse kuchipinda chakuseri, akumva nyimbo zimene sankazidziwa, alibenso khomo limenelo. Sindikuwaimba mlandu eni ake, chifukwa mowa umalipira lendi ndi amisiri okonza makina mosavuta kuposa malekodi, koma nyimbo ndi pinball zinkakokerana makasitomala m'njira imene bala siingathe kubwezeretsa.

Kwa munthu wamkulu wokonda masewerawa, ndikulimbikitsa ulendowu ndi mtima wonse. Atenge chiphaso chosonyeza zaka zake, akhale ndi ndalama zachitsulo za masenti 25, ndipo ngati akufuna kuphunzira tebulo limodzi mofatsa asankhe tsiku la pakati pa sabata, chifukwa Lachisanu ndi Loweruka usiku makina otchuka amakhala ndi anthu odikirira.